Kiyi Ali Pakhosi, Bowo Lili Kunja

Kalekale, koma si kale la makolo ayi, kale loti ena mwa inu munali mutamera kale mano, ku Thyolo kunali bambo wina, a Makwinja. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi. Anaigwira zaka makumi anayi pakhonde la sitolo ina ku Limbe, kagalasi kali m'diso, msana utapindika, mpaka anthu anayamba kuonera nthawi pa foni n'kuwasiya okha ndi tizitsulo tawo. Zitatero anabwerera kwawo, m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, kumene chifunga chimafika pakhomo osaodira.

Amuna ena akakula amaweta nkhunda, ena amakakamira bawo. A Makwinja ankasonkhanitsa mfuti zakale zogwira ndi dzanja limodzi, zimene eni ake amati pisitolo. Matendawa anawagwira akadali mnyamata. Mzungu wina wa pa esiteti, atatsala pang'ono kubwerera kwawo, anawabweretsera wotchi yakufa ndi pisitolo yodwala dzimbiri, n'kunena kuti wodziwa ichi sangalephere icho. A Makwinja anaimasula chidutswa ndi chidutswa, anaona mmene zitsulo zimamverana mkatimo, ndipo mtima wawo sunabwererenso. Mzunguyo anatenga wotchi yake, mfuti anawasiyira.

Pofika nthawi ya nkhani yathu anali nazo zisanu ndi ziwiri, iliyonse ndi laisensi yake. Panali ya ku Jeremani imene chitsulo chake chapamwamba chimapindika ngati bondo, ziwiri za ku Italiya zobisika m'chikhatho, ndi zina zimene anazipeza kwa amwenye ndi kwa asilikali opuma. Zonse zinali za mtundu wodzidyetsa wokha. Mverani bwino apa, chifukwa mlandu wathu wagona pomwepa. Mfuti yotere imasunga zipolopolo m'kabokosi kolowa m'chogwirira, kotchedwa magazini. Koma chipolopolo chimodzi chimatha kukwera, n'kukakhala chokha mumpope kudikira chala. Ukachotsa za m'magazini, chimenecho chimatsala. A Makwinja ankati magazini ndi mimba, mpope ndi kamwa, ndipo ankakonda kunena kuti, "M'mimba mukhale mopanda kanthu, koma uyang'ane m'kamwa."

Musaganize kuti anali munthu wankhanza. Nkhuku yeniyeniyi pakhomo pawo ankapha ndi akazi awo. Chimene ankakonda ndi kumasula, kupukuta, kudzoza mafuta, ndi kumvetsera kaphokoso ka chitsulo chikabwerera m'malo mwake. Ija yoyamba ya kwa mzungu anaisemera chogwirira cha mlombwa n'kuipatsa dzina loti Nangondo. Akazi awo, Nachisale, ankaitchula kuti mkazi mnzawo. "Mnzangayo amadzola Loweruka lililonse," ankatero, "ine ndikungotuwa muno." Ankaseka ponena zimenezi, koma si kuseka konse kumene kumachokera m'mimba.

Mfutizi zinali ndi chipinda chawochawo kuseri kwa nyumba, mapazi atatu uku, awiri uku. Makoma anali a konkire ya nsimbi mkati, denga lake la konkire, zenera panalibe. Chitseko chinali chachitsulo chokhuthala, chimene anagula pamene ofesi ina ya pa esiteti inkagwetsedwa. Chinali ndi khalidwe lake: chinapendekeka pang'ono, moti ukachisiya chinkabwerera chokha n'kudzikhoma. Bowo la kiyi linali kunja kokha, ndipo mkati munalibe pogwira. A Makwinja ankachitchinga ndi kachipika, pomwe kiyi ankakhala pachingwe pakhosi pawo, pogona ndi posamba pomwe. Ndiye popeza mdani wamkulu wa chitsulo ku Thyolo ndi chinyezi, anadula mphira wa matayala n'kutseka mpata uliwonse, pansi pa chitseko ndi m'mbali monse. Ankanyadira kuti m'chipindamo simungalowe ngakhale mpweya. Sankanama.

Zisanu ndi imodzi zinkagona zopanda chipolopolo, chifukwa zipolopolo zake zinasiya kupezeka kalekale. Nangondo yekha ankakhala maso, zisanu ndi ziwiri m'mimba, chimodzi m'kamwa, kuyambira chaka chimene akuba anathyola nyumba yoyandikana ndi yawo.

Ana anali atatu. Elube, woyamba, ukwati utatha anabwerera pakhomo, ndipo mayi ake atamwalira ndiye ankasamala bambo. Yotamu, wachiwiri, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mapeyala pabwalo pomwepo. Manja anatengera bambo ake, matenda aja anatengeranso, koma ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anagwira mfuti imodzi n'kukwapulidwa mpaka kulephera kukhala pansi. Kuchokera pamenepo ankaphunzira ndi maso okha, ataima pakhomo. Ginasiyo, chitsirizira, anali bambo wandevu zake, pakamwa pokoma, manja olemera, mutu uli ku Joni tsiku lililonse ngakhale kuti Mwanza yeniyeniyi anali asanafikeko.

Tsiku limene anakwapula Yotamu, a Makwinja analumbira pamaso pa banja lonse: "Amene adzagwire mfuti zanga kapena kiyi wanga ine osadziwa, asadzalandire kanthu ka m'chipinda chino, ngakhale kansalu kopukutira." Ankabwereza chaka ndi chaka mpaka ana analoweza. Ndipo anali munthu wosabweza mawu, moti m'mudzi ankawatchula kuti a Ndanena-ndanena, iwo n'kumaona ngati ulemu.

Ukalamba sulemekeza lumbiro la munthu. Chaka chimenecho wapolisi woona za malaisensi anabwera kudzayendera, ndipo anaona tiyi akutayika m'kapu chifukwa cha kunjenjemera kwa dzanja la mwini nyumba.

"Achikulire, mwakula," anatero mwaulemu. "Nali pepala. Lembani dzina la mwana mmodzi, timufufuze, akayenera zikhale m'manja mwake. Mwezi uno ukatha mzerewu uli wopanda dzina, tidzazitenga, ndipo mukudziwa kuti zikapita kumeneko zimakadulidwa."

Mzere unali umodzi, ana atatu. Pepala linakhala patebulo, mbale yaikidwa pamwamba kuti lisauluke, ndipo masiku ankapita.

Tsopano imvani zimene aliyense anachita kuseri kwa bambo ake.

Ginasiyo ndiye anayamba, miyezi itatu m'mbuyomo. A Makwinja anadwala malungo, ndipo iye ndi amene ankawapukuta thupi masana Elube akapita kumunda. Ankawapukuta bwino, chilungamo tinene. Koma tsiku lina bambo ake atakomoka ndi tulo, anatenga sopo yemwe ankawasambitsirayo, n'kudinda kiyi mbali iyi ndi mbali iyo. Anapita naye kwa wosula makiyi mumsika wa ku Limbe. Cholinga chake chinali kutenga kamfuti kamodzi ka ku Italiya, kukagulitsa, n'kuona msewu wa ku Joni. Kiyi anasulidwa. Ginasiyo anamuika m'chitini n'kubisa kudenga la khola la nkhuku. Kawiri konse anafika naye pachitseko, kawiri konse anabwerera. Kaya unali mtima wabwino, kaya mantha, iye mwini sankadziwa.

Elube anachita zake Loweruka lomwe kunagwa tsoka. Chimwalirire mayi, ankati akabweretsa tiyi pakhomo la chipindacho, ankapeza bambo ake atakhala ndi Nangondo pamiyendo, osapukuta, osamasula, akungomuyang'ana. Pepala lija litabwera, kukhala kumeneku kunatalika. Elube ankachita mantha, ndipo analibe womuuza. M'mawa umenewo a Makwinja atangotsegula chipinda, pageti panafika munthu ndi uthenga wa maliro a kutsidya kwa munda wa tiyi. Uthenga wa maliro salandirira chiimire, choncho anapita kukakhala naye pansi. Elube analowa. Anali ataona kambirimbiri pamene chala cha bambo ake chimadina kuti magazini ituluke. Anadina, anakankha zipolopolo zisanu ndi ziwiri chimodzichimodzi, n'kuzimanga pansonga ya chitenje. Anabwezera magazini, anaika mfuti mmene inalili, ndipo zipolopolo anakaziponya m'chimbudzi. Mtima wake unagwa pansi. Za m'kamwa zija anali atazimva nthawi zosawerengeka, koma ankaziyesa nyimbo ya okalamba.

Yotamu anamuona mlongo wakeyo akutuluka, dzanja lili pamfundo ya chitenje, ndipo anazindikira. Anazindikiranso chimene munthu wosadziwa amaiwala. Anasiya sipanala n'kulowa. Patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anagwiranso mfuti ya bambo ake. Anakoka chitsulo chapamwamba, chipolopolo chija chinadumpha, anachiwakha n'kuchiika m'thumba la malaya. Ntchito inathera pomwepo, akanatuluka. Koma Nangondo anakhala m'dzanja lake ngati anamusulira iyeyo. Anamutembenuza, anasisita mlombwa uja, analoza kukhoma, anamutembenuzanso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anadzidzimuka atamva chifuwa cha bambo ake pangodya ya nyumba. Potuluka mothamanga, chidendene chinamenya kachipika kaja, n'kupendekeka. Anakaona, koma kuwerama kukanamugwiritsa. Anadutsa.

"Tsogolani kumaliroko," anatero a Makwinja. "Ndimalize kupukuta, ndikupezani."

Ana atatu aja ananyamuka. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa monga mwa masiku onse, choncho a Makwinja ankagwira ntchito ndi kuwala kolowera pakhomo. Mwambo wawo unali woyamba ndi mfuti yatsopano kwambiri n'kumalizira Nangondo. Ali pa yachitatu, kachipika kanaterereka. Anamva chitseko chikubwera, anatembenuka, anatambasula dzanja. Dzanja la zaka makumi asanu ndi awiri silipikisana ndi chitsulo. Loko analira kamodzi, ndipo kunada.

Amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Amene ananena mwambiwu sanaone chitseko cha a Makwinja. Kiyi anali pakhosi pawo, akuwagunda pachifuwa, bowo lake lili kunja. Anapapasa chitsulo chonse kuyambira pamwamba mpaka pansi ngati kuti pogwira pangamere. Anayesa kusolola mphira uja ndi zikhadabo, koma anali atamata okha, ndipo ntchito ya manja awo inali yosanyozeka. Anaitana. Anamenya ndi kabotolo ka mafuta mpaka kanasweka. Mudzi wonse unali kumaliro.

Unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa litakwera, konkire inayamba kutentha, fungo la mafuta linadzaza, thukuta linalowa m'maso. Anavula malaya. Anakhala pansi, anaimirira, anakhalanso. Munthu amene moyo wake wonse ankauza anthu nthawi sanadziwe ngati papita ola limodzi kapena anayi. Mpweya unayamba kulemera. Ankakoka wambiri koma sunkafika kumene umafunika, ndipo mutu unkagunda. Anaganiza za Nachisale. Anaganiza za pepala lili patebulo. Anachita mantha enieni, amene anali asanawamvepo chibadwire.

Kumaliro Elube ankangocheukira kunjira. Bokosi litatsikira m'manda bambo ake osaoneka, anakodola alongo ake, ndipo anabwerera chothamanga pakati pa mizere ya tiyi. Anafika dzuwa litapendeka. Chitseko chinali chotseka, kachipika kali pambali, ndipo mkati munkamveka kugogoda kofooka.

Elube anagunditsa khutu pachitsulo. "Ababa, muli momwemo?"

Mawu anabwera ngati ochokera pansi pa chitsime. "Ndili muno. Mpweya watha."

Anthu ochokera kumaliro anayamba kusonkhana. Wina anabweretsa piki, wina nyundo ndi chitsulo chogobera. Khoma limene linamangidwa kuti likanize akuba linakanizanso abale, piki inkangotulutsa moto. Wina anakwera njinga kukafuna wowotcherera zitsulo ku Luchenza, koma aliyense ankadziwa kutalika kwa Luchenza.

Amene ankamenya khoma mwamphamvu kuposa onse anali Ginasiyo. Ankamenya mpaka m'manja munatuluka matuza, n'cholinga choti asamve zimene mtima unkamuuza. Khola la nkhuku linali mapazi makumi awiri kuchokera pamene anaima. Kukatenga chitini chija kunali kuuza mudzi wonse, ndi bambo ake omwe, kuti iye ndi wakuba amene anadinda kiyi pa munthu wodwala. Ankadziuza kuti khoma ligonja posachedwa, kuti wowotcherera ali m'njira. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma apa manyazi anali a wina, wofera kuuna n'kukhala wina. Ola lathunthu linatha chotero.

Kenaka kugogoda kunasiya, ndipo mawu aja anamvekanso, odukaduka.

"Ana inu. Amene apulumutse moyo wanga lero, dzina lake ndilemba papepala. Nangondo ndi wake, ndi zonse. Ndanena."

Anthu anamva, chifukwa Elube ankabwereza mokweza liwu lililonse. Kenaka a Makwinja analankhulanso.

"Chokani pachitseko. Ndiwombera loko."

"Ababa, musatero," Yotamu anafuula pakamwa pali pachitsulo. "Chipolopolo chibwerera kwa inu. Munkanena nokha kuti chitsulo sichiwomberedwa pafupi."

"Ndikudziwa. Chokani."

Apa ndiye pamene mitima itatu inasiyana. Elube anakhala chete, akudzitonthoza kuti mfuti ilibe kanthu, osadziwa kuti anasiya imfa m'kamwa mwake. Yotamu anagwira thumba la malaya, anamva kulimba kwa chipolopolo, nayenso sananene. Aliyense ankaopa lumbiro lija. Ginasiyo yekha ndi amene ankakhulupirira kuti Nangondo ali maso, ndipo kuti bambo ake atsala ndi kupuma kuwiri kapena kutatu. Anaponya piki pansi n'kuthamangira kukhola.

Mkatimo a Makwinja anapapasa mpaka anapeza chogwirira cha mlombwa. Iwo amati analoza pa loko. Ine sindinali momwemo, ndipo mumdima munalibe mboni. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'kachipinda ka mapazi atatu, ka chitsulo ndi konkire, kulikonse kumene akanaloza, chipolopolo chikanawapeza. Anakoka chala. Kanamveka kaphokoso kouma, kaja ankakakonda. Anakoka chitsulo chapamwamba kuti chikwere china, osakwera kanthu. Anatulutsa magazini n'kupisamo chala. Munali mopanda kanthu. Anakhala pansi n'kulira, ndipo mpaka lero sanena ngati ankalira kuti ali moyo kapena kuti wina anagwira mfuti yawo.

Ginasiyo anabwera nthenga zili kumutu, kiyi ali m'dzanja. Anthu anapatuka, ndipo panalibe amene anafunsa, chifukwa aliyense anaona yekha. Kiyi wa sopo sakhala ngati mwini wake. Analowa koma anakana kuzungulira. Anamutulutsa, anamulowetsanso, anakana. Kachitatu Ginasiyo anakankha chitseko ndi phewa uku akupotoza ndi manja onse awiri, magazi a matuza akutsikira pachitsulo, ndipo loko anagonja.

Anawatulutsa atalefuka ngati nsalu yonyowa, n'kuwagoneka pansi pa mtengo wa mapeyala. Anawathira madzi, anawakupiza ndi zitenje. Patapita nthawi anatsegula maso. Anthu ankadikira kuti athokoze Mulungu. Iwo anati:

"Ndani anagwira Nangondo?"

Elube anagwada. "Ndine, Ababa. Zisanu ndi ziwiri zili m'chimbudzi. Ndinkaona mmene munkakhalira naye chimwalirire amayi, ndipo tulo sindinkapeza."

"Nanga cha m'kamwa?"

Yotamu anapisa m'thumba n'kuika chipolopolo m'dzanja la bambo ake. "Achemwali anachisiya. Ndinachichotsa ine." Kenaka anati: "Kachipikanso ndinakamenya ndine potuluka. Ndinakaona, koma ndinaopa kuti mundipeza."

A Makwinja anatembenuza mutu n'kuyang'ana kiyi wachilendo amene anali akadali pachitseko. Kenaka anagwira wawo pakhosi.

"Ndinadinda pa sopo, nthawi ya malungo ija," anatero Ginasiyo, maso ali pansi. "Ndinkafuna kamodzi kokha. Sindinatenge."

"Unali naye nthawi yonse imene ankamenya khoma?"

"Eya, Ababa."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, monga amachitira nkhani ikafika poti ndi ya m'nyumba.

M'mawa mwake anakhala onse anayi patebulo, pepala lili pakati. A Makwinja anati aliyense anene zake, ndipo apa ulemu unachepa pang'ono.

Elube anati: "Ine ndekha ndi amene ndinalowa muja chifukwa cha inu. Sindinafune mfuti, sindinafune ndalama. Ndikanapanda kukhuthula magazini, Yotamu akanachotsa chimodzi, china n'kukwera pomwepo. Ndipo akanalowa n'komwe ndikanapanda kuyamba ine?"

Yotamu anati: "Achemwali, mtima wanu ndi wabwino, koma munasiya chimodzi, ndipo munthu safa ndi zisanu ndi ziwiri. Chimene chikanawapha n'chimene chinali m'thumba langa. Komanso tinene zoona, mwa atatufe ndani angazisamale? Inu mudzaziponya m'chimbudzi zonse, uyu adzazigulitsa."

"Achimwene, musaiwale amene anawatsekera," anatero Ginasiyo. "Inu awiri munawapulumutsa ku chipolopolo kuti afe ndi kubanika. Mfuti yopanda kanthu sitsegula chitseko. Ndinachedwa, ndikuvomera. Koma ine ndinaulula ndekha anthu onse akuona, ababa akadali mkati. Inu munakhala chete mpaka atakufunsani."

"Ukanadziwa kuti ilibe kanthu, bwenzi ukumenyabe khoma mpaka pano," anatero Yotamu.

"Ndiye kuti kukhala chete kwanu mukuyesa mphatso?"

A Makwinja anakweza dzanja, ndipo onse anasiya. Anatenga cholembera, anachiyang'ana, n'kuchiikanso pansi.

Ine pano ndimati ndikaganiza za Elube mtima umapita kwa iye, chifukwa chikondi chake chinalibe mbedza. Koma chikondi chosadziwa chinatsala pang'ono kuika bambo m'manda, ndipo kupereka mfuti kwa munthu woiwala cha m'kamwa n'kuika mpeni m'manja mwa khanda. Ndikapita kwa Yotamu, ndimaona munthu amene anadikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pakhomo, wodziwa, woyenera. Koma ndi kususuka kwake kumene kunagwetsa kachipika, ndipo kumaliro konse kuja anakhala nazo m'mimba osabwerera kukaona. Wotentha nyumba n'kuthandiza kuzimitsa, timamuthokoza kapena timamulipiritsa? Ginasiyo ndiye amandikwiyitsa kwambiri, sopo yemwe uja. Komabe ndikavula mkwiyo, chitseko chinatsegulidwa ndi iyeyo, ndipo ndi yekhayo amene analipira ndi dzina lake pamaso pa mudzi. Mpaka lero ana akamuona amanong'onezana za sopo.

Ndiye pali mwini nkhani. Anatuluka m'chipinda chachitsulo n'kulowa m'china chimene anamanganso yekha. Analumbira kuti wogwira mfuti kapena kiyi sadzalandira kanthu, ndipo onse atatu anagwira. Analonjeza anthu akumva kuti wowapulumutsa adzalandira zonse, ndipo onse atatu anawapulumutsa. Akanamvera lumbiro lawo ana amenewa, bwenzi kutsidya kuja atakumba manda achiwiri. Kulikonse kumene angatembenukire, a Ndanena-ndanena abweza mawu amodzi.

Kuchokera tsiku limenelo sanalowenso m'chipindamo. Amafika pakhomo, phazi limodzi n'kukwera, chifuwa n'kutsekeka, ndipo amabwerera. Chitseko anachimangirira ndi chingwe kumtengo kuti chisadzatsekekenso, moti chifunga chimene anachikaniza zaka zonsezi chimalowa m'mawa uliwonse mmene chifunira. Loweruka linafika n'kudutsa, mafuta osadzozedwa, chifukwa palibe mwana amene angalowe dzina lisanalembedwe. Lolemba Yotamu ataima pakhomo monga ankachitira ali mwana, anaona kadontho kofiira ka dzimbiri pamsana pa Nangondo. Anauza bambo ake. Iwo anangogwedeza mutu, n'kupempha Elube kuti awabweretsere pepala lija.

Kwatsala masiku anayi kuti mwezi uthe. Pepala lili pamiyendo pawo, cholembera chili m'dzanja, ana atatu akhala pakhonde osayang'anana. Mzere ndi umodzi.

Ine ndafika pamene nzeru zanga zathera, mlanduwu ndautula pamaso panu. Alembe Elube amene anakonda koma osadziwa, Yotamu amene anadziwa koma n'kuwatsekera, kapena Ginasiyo amene anatsegula ndi kiyi wakuba? Kapena asunge lumbiro lawo, mzere ukhale wopanda dzina, aone ndi maso awo Nangondo akunyamulidwa kukadulidwa? Mukanakhala inu mwagwira cholemberacho, mukanalemba ndani?